Bambo aja a pakhonde la shopu

Dzulo usiku pobwerera ku Matawale ndinawapezanso bambo aja atagona pakhonde la shopu pafupi ndi depoti, afunda masaka ndi makatoni. Mukudziwa kale mmene kumazizirira kuno ku Zomba June akafika, mphepo yochokera kuphiri ija imachita kulowa m'mafupa.

Anthu amangothamangira kunena kuti ndi amisala. Ayi ndithu. Ndinachezapo nawo tsiku lina, mutu wawo uli bwinobwino, nyumba yawo inagwa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, abale anawasungako miyezi ingapo kenako aliyense anayamba kuwerenga mitanda ya nsima, basi ulendo wa mtauni kudzasaka maganyu omwenso sakupezeka.

Kale ndinkawagulira katiyi ndi mandasi osawerengera nkomwe. Koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, shuga, mafuta ophikira, lendi, zonse zinakwera, salale yokha ndiye inangoti phee. Pakhomo ndikusunganso ana awiri a achemwali.

Mthumba munali ya kabaza yokha. Ndinawapatsa, "Pepani bambo, yachepa," ine nkuuyamba wapansi mumdima, uku ndikudzifunsa kuti mawa kuntchito ndikwera chani.