Al Capone ndi mabuku a ndalama: zimene ndatola m'phunziro la msonkho

M'kosi ya za msonkho imene ndikuchita chaka chino muli funso lina lomveka ngati nthabwala: kodi ndalama zimene munthu wapeza mwaumbanda nazo zimadulidwa msonkho? Zolemba za m'kalasi zimangotchula mlandu umodzi wa ku America, wa United States v. Sullivan wa 1927, basi n'kulowa mutu wina. Ine mlanduwo unandikoka, ndipo poulondola ndinakafika kwa Al Capone, chigawenga cha ku Chicago chimene ambiri timachidziwa ndi dzina lokha.

Manly Sullivan ankagulitsa mowa mobisa ku South Carolina ndipo sankapereka fomu ya msonkho. Atamugwira, anati kulemba pa fomu ndalama za mowa woletsedwa kukanakhala kudzineneza yekha, pamene malamulo aakulu a dzikolo salola kukakamiza munthu kudzichitira umboni woipa. Khoti lalikulu la America linamukanira. Woweruza Oliver Wendell Holmes analemba chigamulo chachifupi, mfundo yake yoti palibe chifukwa choti bizinezi yophwanya lamulo ikhululukidwe msonkho umene ikanalipira ikanakhala yololedwa. Sullivan anali kansomba kakang'ono, koma chigamulo chakecho n'chimene chinapatsa boma njira yogwirira anthu amene apolisi ankawalephera.

Alphonse Capone anabadwira ku Brooklyn, mu New York, pa 17 Januwale 1899. Makolo ake anachokera ku Italy, bambo ake Gabriele anali ometa tsitsi, banja losauka koma lopanda mbiri ya umbanda. Sukulu anaisiya ali ndi zaka 14 atamenya mphunzitsi. Anayamba kuyenda ndi magulu a anyamata a m'misewu, kenako anapeza ntchito pa bala ya Frankie Yale yotchedwa Harvard Inn ku Coney Island. Kumeneko ananyoza mtsikana wina, mlongo wake wa mtsikanayo Frank Galluccio n'kumutema ndi mpeni kumaso. Zipsera zake n'zimene zinabala dzina loti Scarface, limene mwini wake ankadana nalo. Anakwatira Mae Coughlin mu Disembala 1918, ndipo pasanapite nthawi chigawenga china, Johnny Torrio, chinamuitanira ku Chicago.

Chinandidabwitsa ndi tsiku. Lamulo loletsa kufulula, kunyamula ndi kugulitsa mowa m'dziko lonse la America linayamba kugwira ntchito pa 17 Januwale 1920, tsiku lenilenilo limene Capone ankakwanitsa zaka 21. Kumwa sikunali mlandu, ludzu la anthu silinathe, ndiye lamulolo linangochotsa bizineziyo m'manja mwa anthu olembetsedwa n'kuipereka kwa aliyense wolimba mtima. Mwa chiwerengero cha zamalonda nkhaniyi ndi yosavuta: ogula alipo ambiri, ogulitsa ololedwa palibe, mtengo ukwera, ndipo phindu lokwera chonchi limakwanira kugula wapolisi, woweruza ndi khansala. Mowa wina unkachokera ku Canada, wina unkafululidwa m'mafakitale amene pa pepala ankati atsekedwa, wina unkatchezedwa m'nyumba za anthu osauka ngati momwe kachasu amatchezedwera kuseri kwa nyumba. Vuto la bizinezi yotere ndi lakuti mnzako akakubera katundu kapena akalowa m'dera lako sungapite naye kukhoti. Mikangano imene amalonda ena amaithetsa ndi loya, iwo ankaithetsa ndi mfuti.

Bwana wa Torrio, Big Jim Colosimo, anaphedwa mu Meyi 1920, ndipo Torrio anatenga zonse: mowa, juga ndi nyumba za uhule. Torrio anali munthu wodekha amene ankafuna kuti magulu agawane mzinda aliyense adye kwake. Zinayendako zaka zingapo. Mu 1924 gulu lake linalanda tauni ya Cicero poopseza anthu pa chisankho, ndipo tsiku lovotalo, pa 1 Epulo, apolisi anawombera ndi kupha Frank, mkulu wake wa Capone. Mu Novembala chaka chomwecho Dean O'Banion, mtsogoleri wa gulu la kumpoto kwa mzinda, anaphedwa m'sitolo yake ya maluwa. Anzake a O'Banion anabwezera mu Januwale 1925 powombera Torrio. Anapulumuka, koma anasiya zonse m'manja mwa Capone, mnyamata wa zaka 26.

Zaka zotsatira ndi zimene anthu amakonda kusimba, ndipo ine ndizidutsa mwachangu. Mu Epulo 1926 William McSwiggin, loya wa boma wozenga milandu, anaphedwa ku Cicero. Mu Seputembala galimoto zondondozana zinathira zipolopolo pa Hawthorne Hotel pomwe Capone ankakhala, ndipo mu Okutobala Hymie Weiss, amene analowa m'malo mwa O'Banion, anaphedwa. Pa 14 Febuluwale 1929 anthu asanu ndi awiri anaimikidwa chopenya khoma m'galaja ya pa North Clark Street n'kuwomberedwa ndi mfuti zachiwaya. Awiri mwa akuphawo anavala yunifomu ya polisi. Amene ankamufuna, Bugs Moran, mtsogoleri wa gulu la kumpoto panthawiyo, sanali m'katimo. Capone tsiku limenelo anali ku Florida. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka wolakwa kukhoti pa imfa zimenezi. Mboni zinkaiwala, zina zinkasowa, ndipo meya William Hale Thompson, amene anabwerera pampando mu 1927, sanali munthu woti n'kulimbana ndi ogulitsa mowa.

Mbali imene yandigwira mtima ndi ya anthu a mapepala. Ku Washington, Mabel Walker Willebrandt, mmodzi mwa othandizira loya wamkulu wa boma, ndiye ankakankha ganizo logwiritsa ntchito msonkho polimbana ndi ogulitsa mowa. Nthambi yofufuza ya ofesi ya msonkho inali m'manja mwa Elmer Irey, ndipo anatumiza Frank Wilson ku Chicago. Anayamba ndi oyandikana naye: Ralph Capone, mkulu wake, Frank Nitti ndi Jake Guzik onse anagwa pa milandu ya msonkho Al asanakhudzidwe. Koma Al yemwe anali wovuta. Analibe akaunti ku banki m'dzina lake, sankalemba macheke, ankagwira ndalama zapamanja, ndipo anali asanaperekepo fomu ya msonkho. Kuti umuzenge mlandu wozemba msonkho uyenera kusonyeza kaye kuti anapeza ndalama. Aliyense mu Chicago ankadziwa kuti ndi wolemera, koma zodziwa aliyense si umboni.

Wilson anapekula milu ya mapepala olandidwa m'mbuyomo, mpaka anapeza mabuku a ndalama a Hawthorne Smoke Shop, nyumba ya juga ya ku Cicero. Mabukuwo anatengedwa mu 1926 apolisi akusakasaka pambuyo pa imfa ya McSwiggin, n'kungoikidwa pena osawerengedwa. M'menemo munalembedwa phindu ndi momwe linkagawidwira, eni ake atalembedwa ndi zilembo ndi maina achidule. Buku lotere palokha silinena kanthu, lifunika munthu amene analilemba kuti alumbire kuti zilembozo zikuimira yani. Wilson anafananiza kalembedwe ka m'bukumo ndi timapepala toikira ndalama ku mabanki, ndipo anapeza kuti dzanja lake ndi la kalaliki Leslie Shumway. Anamupeza ku Miami, boma n'kumubisa mpaka tsiku la mlandu. Fred Ries, wosunga ndalama wina wa nyumba za juga, nayenso anafotokoza momwe phindu linkasandutsidwira macheke a kubanki m'maina abodza.

Chigawenga chikhoza kuopseza mboni yoona kuphedwa kwa munthu, koma bizinezi yaikulu chonchi singayende popanda kulemba. Eni ake ambiri, sakhulupirirana, aliyense akufuna gawo lake lokwana, ndiye payenera kukhala kalaliki. Kusakhulupirirana kwawoko ndi kumene kunasiyira boma umboni. Mfundo imeneyi yandithandiza kumvetsa chifukwa chake m'kalasi amatiumiriza kufunsa kuti ndani analemba, ndani anasaina, ndani analandira, tisanafunse n'komwe kuti ndalamazo ndi zingati.

Njira yachiwiri inali yoyang'ana zimene ankawononga. Ngati munthu akuti sapeza kanthu koma ndalama zikutuluka m'thumba mwake tsiku ndi tsiku, ndiye kuti zikulowa pena. Capone anagula nyumba pa Palm Island ku Miami mu 1928 pa madola 40,000. Kukhoti kunabwera ogulitsa nyama, osoka zovala, ogulitsa mipando, a kampani ya telefoni ndi a hotela, aliyense ndi mabilu ake. Anatchula za malamba okhala ndi miyala ya dayamondi amene ankagawira anzake ngati mphatso. Njirayi, yoyerekeza chuma ndi zowononga za munthu ndi zimene ananena kuti amapeza, ofufuza msonkho akuigwiritsabe ntchito. Munthu wokonda kuoneka ngati Capone, wovala masuti owala ndi kucheza ndi atolankhani, anali kudzilembera yekha umboni. Ngakhale khitchini yake yogawira anthu osowa ntchito chakudya chaulere pa South State Street m'nyengo ya mavuto a zachuma a 1930, imene inamukometsa pamaso pa ena, inkasonyeza chinthu chomwecho: ndalama zilipo.

Panalinso kalata ya loya wake wa za msonkho, Lawrence Mattingly. Mu 1930, pofuna kukambirana ndi boma kuti nkhaniyi ithe mwamtendere, Mattingly analemba kuti Capone angavomere kuti ankapeza ndalama zofika madola 100,000 pa chaka mu 1928 ndi 1929, ndi zocheperapo zaka ziwiri za m'mbuyo mwake. Kalatayo inaloledwa kukhala umboni. Ndinaiwerenga nkhani imeneyi ndikumva tsitsi kunyanyuka, poganiza kuti ambiri mwa ife tikuphunzira kuti tidzalembere anthu makalata otere.

Mu Juni 1931 boma, kudzera mwa loya George E. Q. Johnson, linamutsegulira milandu yozemba msonkho wa madola pafupifupi 215,000 pa ndalama zopitirira pang'ono miliyoni imodzi zimene linakwanitsa kutsimikiza. Capone anavomera mlandu pomvana ndi ozenga kuti akhale m'ndende zaka ziwiri ndi theka. Woweruza James Wilkerson anati khoti silimangidwa ndi mgwirizano wotero, Capone n'kubweza kuvomera kwake. Mlandu utatsala pang'ono kuyamba, kunamveka kuti anyamata ake ali ndi maina a anthu wamba amene akanasankhidwa kumva mlanduwo ndipo ayamba kuwagula ndi kuwaopseza. Wilkerson anadikira m'mawa wa tsiku loyamba n'kusinthanitsa gulu lonselo ndi la woweruza wina. Amene ankatsina boma khutu anali Edward O'Hare, loya woyendetsa mijaho ya agalu, yemwe anadzawomberedwa mu Novembala 1939. Bwalo la ndege la O'Hare ku Chicago linatchulidwa dzina la mwana wake, woyendetsa ndege zankhondo.

Maloya a Capone anabweretsa anthu a juga kudzanena kuti bwanayo ankaluza ndalama zambiri pa mijaho ya mahatchi. Wophunzira msonkho aliyense angaone bowo lake: munthu sangaluze zimene alibe, komanso zoluza pa juga zimachotsedwa pa zopambana pa juga pokha, osati pa ndalama zina. Pa 17 Okutobala 1931 anapezeka wolakwa pa milandu isanu, itatu yozemba msonkho wa 1925, 1926 ndi 1927, iwiri yosapereka fomu mu 1928 ndi 1929. Patapita sabata Wilkerson anamugamula zaka 11 ndi chindapusa cha madola 50,000. Wofufuza wa boma Eliot Ness ndi anyamata ake, amene ankaswa mafakitale a mowa ndipo mbiri yawo inakula kwambiri pambuyo pake, anasonkhanitsa milandu ya mowa masauzande, koma Capone sanazengedwe ngakhale umodzi.

Chigamulochi sichindikhalitsa bwino, ngakhale kuti monga wophunzira ndimachita nacho kaso. Zaka 11 chinali chilango chachikulu zedi pa mlandu wa msonkho nthawi imeneyo, ndipo n'zoonekeratu kuti khoti linkalanga munthu amene linkamudziwa, osati madola 215,000 okha. Achibale a McSwiggin ndi a anthu a m'galaja muja sanamvepo khoti likutchula amene anawaphera abale awo. Boma linapeza khomo lina chifukwa khomo lenileni linali litatsekedwa ndi ziphuphu za mu Chicago momwemo, ndipo apolisi ndi andale amene ankadya nawo sanalowe naye m'ndende. Komanso chida chimene chinagwira ntchito pa Capone ndi chakuthwa mbali zonse: ofesi ya msonkho imene ingathe kulondola chigawenga ingathenso kulondola munthu amene olamulira sakumufuna. Pa mlandu uwu ndikugwirizana ndi zotsatira zake, koma sindingaulembe pa mayeso ngati chitsanzo cha chilungamo chokwana.

Anatumizidwa kundende ya Atlanta mu Meyi 1932, kenako kundende ya pachilumba ya Alcatraz mu Ogasiti 1934. Lamulo loletsa mowa linathetsedwa pa 5 Disembala 1933 iye ali m'ndende. Chindoko chimene anatenga ali mnyamata chinali chitafika ku ubongo, ndipo pomasulidwa pa 16 Novembala 1939 anali wosokonezeka mutu, wosatha kuyendetsa kalikonse. Anamwalira ku Palm Island pa 25 Januwale 1947 ali ndi zaka 48. Gulu lake silinagwe naye. Nitti atatuluka m'ndende analitsogolera, ndipo linakhazikika pa juga, katapila ndi kulanda mabungwe a ogwira ntchito. Atsogoleri amene anabwera pambuyo, monga Paul Ricca ndi Tony Accardo, ankapewa atolankhani, ndipo Accardo, amene boma linamuyesanso ndi mlandu wa msonkho mu 1960, anapambana pa apilo.