Lachiwiri: pepala la kulabu lopanda mawu a dokotala

Lero ndinafika mu ofesi yosungiramo mafayilo a odwala nthawi itangokwana 7 koloko, ndipo patebulo panga panali mafayilo adzulo akundidikira. Ntchito yanga ndi yopatsa matenda aliwonse amene dokotala walemba khodi yake (chilembo ndi manambala oimira matendawo) ya m'buku la mndandanda wa matenda la ICD-10, limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 1990, kuti malipoti a pamwezi ndiponso mapepala okatengera ndalama ku medical aid akhale olondola. Buku latsopano la ICD-11 linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, koma pachipatala pathu tikugwiritsabe ntchito lakalelo.

Fayilo yachitatu ndiyo inandiimitsa. Inali ya mayi wina amene anabwera akudandaula za chizungulire ndi kutopa, ndipo pepala la kulabu linasonyeza hemoglobini (puloteni yonyamula mpweya m'magazi) ya 8.4 g/dL, pamene kwa mayi amene si woyembekezera iyenera kufika 12. Pansi pa pepalalo panali siginecha ya dokotala ndi tsiku basi, popanda liwu lililonse lonena chimene anapezapo. Ndikanatha kungolemba D64.9, khodi ya kuchepa kwa magazi kosatchulidwa mtundu, ndipo palibe akanandifunsa, koma ine si dokotala, komanso nambala ya kulabu payokha si dzina la matenda. Ngati vutolo likuchokera ku kusowa kwa ayironi m'thupi, khodi yake ndi D50.9, ndipo amene angasiyanitse ziwirizi ndi munthu amene anaona kukula kwa maselo ofiira, nafunsa mayiyo za msambo ndi zakudya zake.

Ndinadikira kufikira mzere wa odwala utachepa, cha m'ma 11 koloko, kenaka ndinakagogoda. "Adokotala, pepani kukusokonezani, pepala ili munaliona ndithu, koma simunalembe chimene chikuwavuta mayiwa," ndinatero. Iwo anagwira pachipumi n'kunena kuti, "Zoona achemwali, ndinawapatsa mapiritsi a ayironi ndipo zonse ndinalemba m'buku lawo la kuchipatala, koma mufayilo ndinaiwala." Bukulo linapita kunyumba ndi mwini wake, kotero kuti mayiyo akadzabwera mwezi wamawa ataliiwala, wowayeza tsikulo adzangopeza 8.4 yekha osadziwa ngati chithandizo chinayamba. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti sanafufute kanthu kapena kulemba tsiku ladzulo, koma anaonjezera mizere itatu pansi pake, yokhala ndi tsiku lalero: zimene anaona pa zotsatirazo, dzina la matenda, ndi tsiku lodzayezanso magazi.

Masana kunabwera nkhani ya malungo imene ndikuiganizirabe mpaka pano. Mnyamata wina anapezeka ndi mizere iwiri pa kachipangizo koyezera malungo mwachangu, kusonyeza kuti ali ndi malungo, koma anali atamaliza mankhwala a malungo a LA masabata awiri apitawo. Kachipangizoka kamafufuza puloteni ya HRP2 yopangidwa ndi tizilombo ta malungo, imene imatha kukhalabe m'magazi kwa masabata angapo tizilombo titafa kale, n'chifukwa chake dokotala anatumiza magaziwo kuti akaonedwe pa maikulosikopu, ndipo sanapezemo kachilombo. M'fayilomo anafotokoza momveka bwino kuti waona zotsatira zonse ziwiri, kuti akukhulupirira zachiwirizo, ndi chifukwa chake. Ndikanangotsatira pepala loyamba lija, ndikanalemba B50.9, khodi ya malungo, ndipo mnyamatayo akanawerengedwa kawiri m'lipoti la malungo la mwezi uno pa matenda amodzi.

Ndisanaweruke ndinapatula fayilo ya bambo wina amene shuga wake, atayezedwa asanadye, anali 7.4 mmol/L. Malire osonyeza matenda a shuga ndi 7.0, koma popeza bamboyo alibe zizindikiro zilizonse, dokotala analemba kuti abwerenso Lachisanu kuti adzayezedwe kachiwiri. Pakadali pano ndalemba R73.9, khodi ya kukwera kwa shuga m'magazi, ndipo fayiloyo ndaiika m'kabati ya zodikira zotsatira.