Zikomo amayi amene munandichotsa kubanja ndikadali mwana

Dzulo ndalandira satifiketi yanga ya uphunzitsi. Ndisanayankhe mauthenga a mafuno abwino amene adzaza foniyi, ndati ndiyambe ndathokoza amene anandifikitsa pano. Ambiri mwa iwo sali pa Facebook, choncho amene muli nawo pafupi muwawerengereko.

Ndinakwatiwa ndili ndi zaka 15, ndili Sitandade 8, chifukwa cha pathupi. Kwathu ku Mtakataka palibe anadabwa, mphatso za ndowa ndi mbale zinabwera ndithu. Amene anakana ndi amayi a mother group apasukulu yathu, gulu la amayi lolimbikitsa maphunziro a atsikana. Ankafika dzuwa lili paliwombo, n'kuyala zitenje zawo pakhonde la apongozi anga, osachoka. Ankatukwanidwa kuti ndi akazi osowa chochita, opasula mabanja a eni ake. Mmodzi wa iwo ngakhale dzina lake satha kulemba, amadinda chala, koma ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu ankaifotokoza mpaka ankhoswe kusowa poyankha. Amayi inu, Mulungu akudalitseni.

Kulimba mtima kwawoko kunali ndi pochokera. Kumbuyo kwawo kunali malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, mfumu yaikulu ya dera lathu, amene anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba kwa zaka 27 asanaitanidwe kudzakhala pampando mu 2003. Mayi ameneyu anathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo nyakwawa yolekerera ukwati wotere ankaiimitsa paufumu. Amfumu a m'mudzi mwathu sakanalola kutaya ufumu chifukwa cha ine, ndiye nkhani itafika pabwalo sinachedwe. Ndinkalakalaka kudzawaonetsa pepalali Inkosi, koma anatisiya mu 2025.

Ndithokozenso a Memory Banda, omenyera ufulu wa atsikana, ndi atsikana anzawo, ngakhale sitinakumanepo. Mng'ono wawo anatenga pathupi ali ndi zaka 11, ndipo iwo sanakhale chete mpaka aphungu anawamva. Lamulo la 2015 linati ukwati uziyambira zaka 18, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Bambo anga ankatsamira pomwepo. Mpata umenewo unatsekedwa mu 2017, ndipo ang'ono anga akula utatsekedwa kale. Ena amati zomenyera ufulu ndi za amayi a m'tauni okonda misonkhano ya m'mahotela. Alipo otero, sindikukana, koma ine ndinaona lamulo lolembedwa ku Lilongwe likufika pakhomo pathu wapansi.

Amayi anga ondibereka, inu ndiye ndikusowa poyambira. Poyamba munali mbali ya bambo, kenako munatembenuka nokha. Tsiku lililonse la sukulu munkabereka mdzukulu wanu kumbuyo n'kudzaima pansi pa mtengo wamango kuseri kwa kalasi kuti ndimuyamwitse pa buleki, anzanga akusuzumira pawindo n'kumaseka. Nditasankhidwa kupita ku sekondale munagulitsa mbuzi zanu. Aphunzitsi aakazi amene munkandibwereka mabuku ndi kundidzudzula ndikayamba kudzimvera chisoni, zikomo kwambiri.

Loweruka likudzali kuli kamwambo kothokoza kunyumba kwa amayi, kuyambira 10 koloko m'mawa. Thobwa ayamba kale kukonza. Amayi a mother group, mipando yakutsogolo ndi yanu, ndipo mubwere nonse, ngakhale amene munasiya gululi chifukwa cha ukalamba. Amene miyendo ikuvuta mutumize uthenga kwa amayi, tidzakutumizirani kabaza.