Ulendo wa banja lathu kuchokera ku Thyolo kupita ku Cape Maclear

Ife a ku Thyolo tinazolowera mphepo yozizira ya m'minda ya tiyi, motero kutentha kwa Okutobala kunatidabwitsa pamene banja lathu linapita kunyanja pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Tinadutsa ku Limbe, Zomba ndi Liwonde, ndipo titafika ku Mangochi tinaimako kuti ana aone mtsinje wa Shire ndi chipilala chokumbukira Mfumukazi Victoria chimene chili pafupi ndi mlatho.

Koma chimene chinatikoka mtima kwambiri ndi Cape Maclear, mkati mwa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kwambiri pa dziko lonse mu 1984. Ku Otter Point madzi ndi oyera kotero kuti nsomba zamitundumitundu zotchedwa mbuna zimaoneka bwinobwino pakati pa miyala, ndipo ana anakana kutuluka m'madzi mpaka agogo awo anachita kuwakalipira. Tinaonanso manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pamalopo mu 1875 asanasamukire ku Bandawe chifukwa cha malungo.

Chambo chokhacho ndicho chinatiboola m'thumba, pakuti ngakhale kugombe komweko mtengo wake ndi wokwera ndithu.