Kampata ka papuli kanachoka pamalo pake

Lachinayi usiku, ku Kasungu.

Tulo sitikubwera chifukwa cha zimene amakaniko achikulire aja andionetsa masana ano, zoti galimoto yanga yakhala ikuchunidwa potsatira chizindikiro chochunira nthawi ya moto, kampata ka papuli ya kutsogolo kwa injini, chimene chinasuntha kalekale. Corolla imeneyi ndi ya 1994, ya injini ya 5A-FE, ndipo malemu bambo anga anaisiya m'manja mwanga ikukoka bwino. Chiyambire nyengo yozizira yakhala yofooka kwambiri. Pamsewu wa M1 popita cha ku Nkhamenya ndi Jenda, mitunda imene ndinkakwera ndi giya yachinayi tsopano ikufuna yachiwiri, injini ikutentha msanga, ndipo petulo akutha ngati tanki yabooka. Ndinagula mapulagi atsopano, ndinasintha fyuluta ya mafuta ndi ya mpweya, ndinalekanso kuthira petulo wa m'zigubu poopa kuti mwina amasakaniza ndi parafini, koma palibe chinasintha. Mnyamata wina wa pagalaja ina anabwera ndi timing light, tochi yothwanima yoonera nthawi imene moto ukuyaka mu injini, nandionetsa ndi maso anga kuti moto ukuyaka pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, monga mmene injini imeneyi imafunira, ndipo ndinamulipira mtima uli m'malo.

Amakaniko a lero anamvetsera injini kwa kanthawi osanena kanthu, kenaka anandifunsa kuti, "Achimwene, amene anachuna uja analumikiza TE1 ndi E1 pakabokosi aka ndi kawaya?" Ankanena timabowo tiwiri ta pakabokosi koyezera injini. Ndinati inde, ndinaona akutero. Anagwedeza mutu, nafotokoza kuti popanda kawayako kompyuta ya galimoto imangosuntha nthawi ya moto payokha, choncho mnyamatayo pamenepo sanalakwitse. "Nanga anayamba watsimikiza kuti pisitoni yoyamba ilidi pamwamba pamene kampata kali pa 0?" Apo ndinasowa choyankha.

Anamasula pulagi yoyamba, nalowetsa sikuludiraiva yaitali yopukutidwa bwino m'bowomo, n'kuuza wophunzira wawo kuti azungulitse injini pang'onopang'ono ndi sipanala. Sikuludiraiva inakwera, inakwerabe, kenaka inaima. Anandiitana kuti ndisuzumire pansi pa injini, ndipo ndinaona kuti kampata ka papuli kanali kasanafike pa 0, katatsala pafupifupi chala chathunthu. Anandifotokozera kuti puli imeneyo ndi zitsulo ziwiri, chamkati ndi chakunja, zogwirana ndi labala, ndipo labalayo akakalamba n'kumanyowa ndi oyilo wodontha, chakunja chimene chili ndi kampata chimaterera n'kutsalira m'mbuyo. Ndiye kuti timing light inanena zoona pa zimene inaona, koma moto wakhala ukuyaka mochedwa, petulo n'kumapsa pisitoni itayamba kale kutsika, mphamvu yake n'kumathera mu ekizozi ngati kutentha chabe.

Chimene chikundiwawa n'chakuti oyilo ameneyo ndakhala ndikumuona pansi pa galimoto m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu, ndipo ndinkangothira wina poganiza kuti galimoto yakale siilephera kudontha. Bambo anga sakanalola zimenezo. Loweruka lililonse ankatsegula boneti ndi kansalu m'manja, ndipo ine ndili mwana ndinkaona ngati n'kutaya nthawi.

Ndinawapempha kuti angozungulitsa distributor, kachipangizo kogawa moto ku mapulagi, pomvetsera ndi khutu, monga ambiri amachitira, kuti ndiziyendako kaye. Anakana mwaulemu koma mosasunthika. Anati, "Ndikaikankhira kutsogolo mongoganizira, ikhoza kukoka bwino pano pachigwa, koma pamtunda izikagogoda mkati ngati muli timiyala, ndipo kugogoda kumeneko kumadya mapisitoni." Anawonjezera kuti oyilo yemweyo, wochokera pa silu ya kutsogolo kwa crankshaft (shafuti imene mapisitoni amazungulitsa), ayenera kuti wanyowetsanso lamba wa taiming'i, amene wadutsa kale makilomita 100,000 oyenera kumusinthira. Lamba wonyowa ndi wofooka akhoza kulumpha dzino limodzi, ndipo popeza camshaft (shafuti yotsegula mavalavu, imene lambayo amayendetsa) imazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri, dzino limodzi lokha limakwana kuchedwetsa mavalavu onse pamodzi ndi distributor imene camshaft yomweyo imayendetsa. Zikakhala choncho, kukhudza distributor kungakonze moto wokha, mavalavu n'kumatsegukabe nthawi yolakwika.

Ndinakwiya pang'ono mumtima, ndivomereze, chifukwa ndinkayembekeza kubwerera kunyumba ndi galimoto yanga. Koma sindinathe kuwatsutsa, pakuti chilichonse chimene ananena anandionetsa ndi chala, ndipo sanatchule za ndalama mpaka nditafunsa ndekha.

Galimoto yagona komweko pansi pa mtengo wa mango, boneti atayipsinja ndi mwala. Mawa atsegula chivundikiro cha lamba kuti aone ngati kabowo ka pagiya ya camshaft kakugwirizana ndi chizindikiro chake pisitoni yoyamba ili pamwamba. Puli ina ndiyenera kukaifuna ku Lilongwe, ndipo ikapezeka idzakhala yochotsa pagalimoto ina ya zaka zomwezi, ya labala wokalamba chimodzimodzi. Mayi ali ndi tsiku lawo kuchipatala Lolemba, ndipo msana wawo sulola kabaza wa njinga yamoto. Ndawauza kuti galimoto ikhala itatheka, ngakhale amakanikowo sanandilonjeze zimenezo.