Zikomo nonse, makamaka inu amayi amene munati ndafedwa

Abale anga, ndachedwa kulemba. Lero ndi tsiku la 9 chiikireni mwana wathu wa m'kalasi mwanga ku manda a Granville, Kumbudzi kuja, ndipo mauthenga anu ambiri akadali osayankhidwa pafoni yangayi. Si mwano ayi. Ndimati ndikatsegula WhatsApp n'kuona chithunzi chake chimene munaika pagulu lathu, manja amangolefuka. Ndiye ndati ndithokozere pano pamodzi. Amene ndimuiwale andikhululukire, mutu sunabwerere m'malo mwake.

Nkhani mukuidziwa, sindiibwereza yonse. Chifuwa chinamuyamba Lachitatu, m'kuzizira kwa Julaye kuno ku Harare, Loweruka anamugoneka m'chipatala, Lachiwiri m'bandakucha anatisiya. Chibayo. Anali ndi zaka 11, ndipo zinayi mwa zimenezo anakhala m'kalasi mwanga.

Ndiyambe ndi inu amayi, amene mumatisesera ndi kutiphikira phala kusukulu. Ndikudziwa kuti pa Facebook simupezekapo, koma mwana wanu wamkazi walonjeza kuti akuwerengerani zonse, asadumphe ngakhale liwu limodzi.

Lachiwiri lija amayi ake a mwana anandiimbira cha m'ma 4 koloko. Sindikumbuka zimene ndinayankha. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinasamba, ndinavala, ndinakwera kombi ku Mufakose monga mwa masiku onse, chifukwa m'mutu mwanga ndinkati ine ndine mphunzitsi chabe, ana ena asanu ndi atatu akundidikira. Nditafika pakhomo la kalasi, kiyi anakana kulowa. Dzanja linkanjenjemera. Inu munali pakhonde ndi tsache. Munangondiyang'ana, n'kutsamiritsa tsachelo kukhoma, n'kundilanda makiyi. Kenako munamasula chitenje chanu chapamwamba, chija cha maluwa achikasu, n'kundimanga nacho m'chiuno ngati mukuveka mwana. Munati, "Aphunzitsi, lero simuphunzitsa. Mwafedwa."

Mwafedwa. Tsiku lonse lija anthu anandiuza mawu ambiri abwino, koma amene ananena liwu limeneli ndi inu nokha. Ena onse ankati ndipereke chipepeso chawo kwa makolo, ndipo ankanena zoona, anamfedwa ndi makolo. Koma ine ndinali ndi chinthu pachifuwa chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho ufulu wochilira.

Kusiwa ku Dzivarasekwa munandichitiranso chimodzimodzi. Ndinaima panja pafupi ndi mpanda, osadziwa kolowera. Abambo ali pamoto, amayi ali m'nyumba, nanga mphunzitsi malo ake ndi ati pamaliro? Si mbale, si mnansi, si wa mpingo wawo. Munandigwira pamkono, kundidutsitsa pakati pa miyendo ya anthu mpaka pamphasa ya kumutu kwa bokosi, n'kuwauza agogo ake kuti, "Awa ndi amayi ake a masana." Agogo sanafunse kalikonse. Anangosendera n'kundifunditsa mbali ya bulangeti lawo. Pamenepo m'pamene ndinalira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu. Agogo, Mulungu akusungeni. Inu amene munamubereka kumsana mpaka msana unakana, munapezabe malo oti mlendo akhale.

Ambiri a inu mumangomudziwa ngati mnyamata uja wa pa wilitcheya. Ndiloleni ndikuuzeni pang'ono. Anali ndi cerebral palsy, vuto limene limabwera ubongo ukavulala mwana ali m'mimba, pobadwa, kapena akadali wakhanda. Ena zimawachitikira chifukwa chosowa mpweya pobadwa, ena chifukwa cha chikasu chachikulu masiku oyamba, ena matenda oumitsa khosi. Sikuti munthu analodza, sikuti mayi anachimwa, ndipo sapatsirana. Analinso ndi khunyu. Manja ndi miyendo zinali zouma, pakamwa sipankatuluka mawu. Koma nzeru zinalimo, ndipo nthabwala ankazimva msanga kuposa tonse m'kalasimo.

Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula zilankhulo 16. Chichewa chathu chilimo, chilankhulo cha manja chilimo. Chake cha iye mulibe, ndipo chinanditengera miyezi isanu ndi iwiri kuti ndichimve. Akakweza maso kudenga, ndiye kuti inde. Akapotozera mutu kumanzere n'kutulutsa lilime pang'ono, ndiye kuti toto. Akatseka maso mwamphamvu, khunyu ili pafupi, konzekani. M'kalasi timalankhula Chishona ndi Chingerezi, koma tsiku lina ndikumupukuta dovu ndinangoti, "Iwe, wadya chiyani kwanu lero?" Thupi lonse linadumpha pampando, kukamwa yasa, kuseka. Ndinali ndisakudziwa kuti kunyumba agogo amamulankhula Chichewa. Kuyambira tsiku limenelo tinali ndi chinsinsi chathu. Ndikafuna kumudzudzula ndinkamunong'oneza m'Chichewa, iye n'kumakweza maso kudenga ngati akuti ndamva, mayi, ndamva.

Kumudyetsa kunkatenga mphindi 40. Mutu uwongoke, chibwano chitsike pang'ono, sipuni yaing'ono, kudikira ameze, kumvetsera ngati pakhosi pakulira madzimadzi. Phala likakhala lamadzi kwambiri limatsamwitsa, likalimba silitsika. Amayi, inu nokha ndi amene munkadziwa muyezo wake. Munkapatula lake m'kapoto kena, kuthiramo chiponde, kulisefa, n'kuliyesa potembenuza sipuni. Palibe anakulemberani zimenezo pa ntchito yanu.

Ndiye mumvetse chimene chinkandidya usiku wonse wa maliro. Ndinkawerenga masipuni a Lachiwiri la sabata imene anadwala. Anakhosomola kawiri tsiku limenelo. Kodi ndinafulumira? Kodi phala linalowa m'mapapo ndi dzanja langa? Sindinauze munthu, ngakhale bambo a kunyumba. Koma inu munaona. M'mawa wa tsiku loika, tikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, munati, "Zaka zinayi mwamudyetsa, masipuni angati amenewo? Mukufuna kuwerenga iwiri yokha?" Ndithokozenso anamwino a mu mpingo mwathu amene anakhala nane pansi n'kundifotokozera bwinobwino kuti ana otere minofu yomezera ndi yokhosomolera imakhala yofooka, ngakhale malovu awo omwe amatha kulowa m'mapapo ali mtulo, n'chifukwa chake chibayo chimawagwira kawirikawiri, makamaka nyengo yozizira. Mtima sunakhazikike kwenikweni, koma tsopano ndimagonako.

Amayi a chigwirizano a mpingo wathu wa CCAP, munaimba usiku awiri osapuma, pamaliro a banja limene si la mpingo wathu. Zikomo. Abambo a sosaiti ya maliro, bokosi ndi basi zinafika pa nthawi yake. Makolo athu atabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, anayambitsa masosaiti amenewa poopa kuikidwa ngati nyama kudziko la eni, ndipo sabata yatha ndaona ndi maso anga kuti maliro n'kuliranadi. Inu a ku Johannesburg, a ku Lilongwe ndi a ku Bulawayo amene munatumiza kangachepe, pa EcoCash ndi njira zina, zonse ndinazipereka m'manja mwa amayi ake ndipo zinalembedwa m'kope. Achimwene a kombi amene zaka zonsezi munkapinda wilitcheya n'kuiika kumbuyo osalipiritsa mpando wachiwiri, ndinakuonani kumanda mutavula chipewa, mutaima patali. Bambo a kunyumba, mwaphika, mwachapira ana, simunandifunse kuti ndisiya liti kulira. Ambuye akubwezereni nonse pamene mwachotsapo.

Pali mawu ena amene ndinawamva, ndipo sindingawameze. Amene munkanong'onezana kuti bola wapumula, makolo apepukidwa mtolo, ndinakumvani. Mwana uja sanali mtolo. Amayi ake akusowa chochita ndi manja awo m'mawa uliwonse, inu mukuti apepukidwa? Ndipo ena amene munalankhula motalika kumanda, zaka 11 zonsezi simunamunyamulepo ngakhale kamodzi. Munkaletsa ana anu kudya naye mbale imodzi poopa khunyu. Khunyu sapatsirana, abale. Munthu akagwa mumugoneke chammbali, muchotse zinthu zomuvulaza, musamuike sipuni kapena chala m'kamwa, ndipo zikapitirira mphindi zisanu thamangirani naye kuchipatala. N'zokhazo basi. Jairos Jiri anayamba kusonkhanitsa anthu olumala ku Bulawayo mu 1950, dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu olumala kuyambira 1992, koma mpaka lero m'mabanja mwathu muli ana otsekeredwa kuchipinda alendo akabwera. Sinditchula munthu. Yense adzifunse yekha.

Winanso anandilangiza mwachikondi kuti ndisamadziphatike kwambiri ndi ana amenewa, chifukwa ambiri sakhalitsa. Ndayesa kuwaganizira mawuwo. Koma ndiuzeni, mwana woti ndimamusintha thewera, ndimamupukuta dovu, ndimadziwa kulira kwake kwa njala ndi kulira kwake kwa ululu, ndingamuphunzitse bwanji nditaima patali? Ntchito yathuyi imagwirika ndi thupi. Ku koleji tinaphunzira kulemba ndondomeko ya mwana aliyense payekha, zolinga za temu ino ndi za temu yamawa. Yake ikadali m'kabati. Cholinga cha temu ino chinali choti azisankha yekha pakati pa zithunzi zitatu ndi maso. Anali atafika pa ziwiri.

Lolemba ndinabwerera m'kalasi, ndipo chimene ndinkaopa kwambiri chinali mpando wake. Amene munabwerapo mukuudziwa, uja wobiriwira wa pakona. Tinaupanga tokha ndi makatoni, manyuzipepala akale ndi phala la fulawa, kumata pepala pamwamba pa linzake mpaka unalimba ngati thabwa, wogwira m'chiuno ndi m'mbali kuti asamagwere kumanzere. Unatitengera Loweruka katatu, ine ndi inu amayi, pakhonde la kwanu. Ena anaganiza zoti auchotse ana asanafike kuti asasokonezeke. Inu munakana. Munati ana si zitsiru, akaona mpando wasowa ndi mnzawo wasowa adzaganiza kuti tsiku lina nawonso tidzawasowetsa.

Ndipo munanena zoona. Mnyamata wathu wa autism (vuto la mu ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi anthu ndi kusiya zimene anazolowera), amene m'mawa uliwonse amayamba wagwira mutu wa aliyense n'kuwerenga, anafika pa 8 n'kuima. Anayambiranso. Anafikanso pa 8. Kachitatu anayamba kudzimenya pachipumi. Mtsikana wathu wa Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kukula ndi kuphunzira) anali atatenga kale kapu ya mnzake ija ya zogwirira ziwiri n'kuiika patebulo monga amachitira masiku onse. Ine pakamwa panauma. Ndinkafuna kunena kuti wagona, kapena wapita kutali. Koma ana athuwa mawu amawatenga momwe alili. Ukati wagona, usiku adzaopa tulo. Ukati wapita, adzakamudikira pageti. Munagwada pakati pawo, amayi, ndi maondo anu opwetekawo, n'kuwauza m'Chishona chomveka, "Afa. Haachadzoki," kutanthauza kuti wamwalira, sadzabweranso. Kenako munawauza kuti thupi lake linadwala kwambiri ndipo linasiya kugwira ntchito, kuti sakumvanso kupweteka, kuti palibe analakwa, ndiponso kuti aphunzitsi akulira chifukwa ankamukonda. Mtsikana uja anabwera n'kundipukuta nkhope ndi kansalu kamene tinkapukutira mnzakeyo. Sindinamuletse.

Sabata yonseyi akhala akufunsa. Funso lomwelo, kasanu, kakhumi pa tsiku, ndipo timayankha chimodzimodzi osasintha mawu. Tinaika chithunzi chake pampandopo. Lachinayi mnyamata wowerenga uja anafika pa 8, n'kupita kukagwira chithunzicho, n'kunena 9, n'kukhala pansi mwakachetechete. Ndinatuluka panja pang'ono.

Kaundula ndiye wandivuta. Dzina lake lili pa nambala 4, ndipo ndauzidwa kuti ndilembe mzere. Cholembera ndachigwira kangapo. Ndilemba, ndikudziwa kuti ndi lamulo la ntchito, koma andipatseko masiku.

Ambuye Yesu, Inu amene munati alekeni ana adze kwa Ine, mulandireni mnyamata wathu. Kumeneko alankhule, ayende, adye osatsamwa. Gwirani amayi ake, bambo ake ndi agogo ake. Mundipatse mphamvu za ana asanu ndi atatu amene atsala, pakuti mtima wanga ukuchita mantha kuwakonda monga kale, ndipo sindikufuna kuti mantha amenewo apambane. Amen.

Dzulo amayi ake anabwera kudzatenga chikwama chake ndi kapu ija. Za mpando anati tisawapatse, kuli mwana wina ku Epworth amene amangokhala chogona pamphasa chifukwa alibe pokhala, tikamupatse ameneyo temu ikatha. Amene muli ndi galimoto ndipo mungatithandize kuunyamula mu Ogasiti, ndilembereni kumbali. Ndi wopepuka, koma m'kombi ungaphwanyike, ndipo suyenera kunyowa.

Amayi, Lachitatu ndinakuonani mukupatula phala m'kapoto kaja, n'kuima nako pakhomo la khitchini, n'kubwerera nako. Simunadziwe kuti ndakuonani. Masiku onsewa mwakhala mukundigwira ine, ndipo palibe anakufunsani kuti inuyo muli bwanji. Pepani, amayi, inunso mwafedwa. Chitenje chanu ndachapa ndipo ndachisita. Ndibwera nacho Lolemba m'mawa, ndilawirira kuti tikhaleko pansi awiri ana asanafike.