Mmene ndinaonera madzi osefukira ku Nsanje mitambo itatseka

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, mtima wanga unali ku Makhanga ndi Chiromo, komwe Ruo amathira mu Shire. Ndinkafuna kuona pomwe madzi anafika. Ndinalembetsa pa tsamba la Copernicus, pomwe pamapezeka zithunzi za masetilaiti a ku Ulaya, ndi ulere, amangofuna imelo, ndipo ndinajambula kabokosi pamapu kuzungulira dera limenelo.

Ndinayamba ndi zithunzi za Sentinel-2, setilaiti yojambula ngati kamera. Mitambo yokhayokha, mbee! Tsiku lonse linapita pachabe.

Ndiye ndinasankha Sentinel-1. Iyi ndi ya radar: imaponya mafunde pansi n'kulandira obwerera, moti mitambo ngakhale mdima siziitchinga. Pamadzi odekha mafundewo amanjanjira kwina, choncho madzi amaoneka akuda bii. Pamafunika zithunzi ziwiri, china chisanadze chigumula, china pambuyo pake, zonse zojambulidwa setilaiti ikudutsa njira imodzimodzi. Apa kudekha n'kofunika. Inzake, Sentinel-1B, inali itawonongeka mu Disembala 2021, moti yotsalayo, Sentinel-1A, inkabwereza njira yake pakatha masiku 12.

Fayilo iliyonse ndi yaikulu, bandulo imatha uli chiyang'anire. Ndinkatsitsa usiku, ndipo magetsi atathima pakati ndinayambiranso.

Kenako ndinatsegula SNAP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzizi ya European Space Agency, bungwe la ku Ulaya loona za mumlengalenga. Chithunzi chosakonza chimakhala ngati wawazapo mchere ndi makala. Ndinachotsa timadontho timeneto, n'kuchiwongola kuti chigwirizane ndi mapiri ndi zigwa, apo ayi mtsinje umakhala pomwe suli. Ntchito yotuluka nayo thukuta inali kusankha malire a kuda komwe tingati apa ndi madzi. Ndinayesa kangapo, ndikuyerekeza ndi Shire weniweniyo.

Ndikudikira kompyuta ndinkaganizira omwe analipira zonsezi. NASA ya ku America inakweza setilaiti ya radar yotchedwa Seasat mu 1978, n'kufa patangotha miyezi itatu. Ndalama za kafukufuku sizinaime. Ku Ulaya anakweza masetilaiti ena a radar, ERS-1 mu 1991, Envisat mu 2002, kenako Sentinel-1A mu 2014, ndi misonkho ya anthu akumeneko. Kwa ine chachikulu n'chakuti anasankha kusagulitsa zithunzizi. Za Landsat, masetilaiti a ku America, zinkagulidwa madola mazanamazana chimodzi mpaka 2008, ndipo pamtengo wotero munthu ngati ine sakanayandikirako.

Pomaliza ndinalowetsa zonse mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu, n'kuchotsamo madzi a nthawi zonse a dambo la Elephant Marsh. Kuda kotsalako kunali pa minda ya anthu, ndipo ndinakhala chete kwa kanthawi.

Chenjezo kwa oyesa: madzi obisala pansi pa bango, m'chimanga kapena pakati pa nyumba saoneka akuda. Mudzi wina mapu anga anauonetsa wouma, koma malume nditawapeza pafoni anandiuza kuti kumeneko madzi analekeza m'chiuno.